Alamu Anga ndi Mzere wa ku Chipatala

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, kuofesi timawatcha a Mndandanda. Dzinali amalidziwa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti amalikonda. Amaganiza kuti tikuwatamanda.

Ndi munthu woti mukamupatsa malalanje atatu sadya mpaka adziwe lalikulu ndi liti, lotsatira ndi liti, kenako lotsala lija aliyang'ane monyoza. Akalowa m'chipinda muli anthu saona nkhope, amaona masitepe: uyu ali pamwamba, uyu pakati, uyu ndi wopondapo. Moni wawo umayambira kwa mwini galimoto yaikulu n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo pofika kwa mlonda wa pageti umakhala utatha mphamvu, kwangotsala kukweza nsidze.

Kumene anaitenga nthendayi ndimakudziwa, chifukwa amafotokoza okha paliponse pamene apeza khutu. Anabadwa omaliza m'nyumba ya ana ambiri. Madzi osamba ankawapeza atazizira, nsapato zinkawafika zitadutsa kale m'mapazi a abale awo onse. Kusukulu ankakhala wachiwiri chaka ndi chaka, ndipo mpaka lero akamatchula mnyamata amene ankawaposa, nkhope imachita ngati alawa mankhwala owawa. Ena akakulira m'zotere amati mzere ndi chinthu choipa. Alamu anga anati ayi, mzere ndi wabwino, choipa ndi malo amene iwo anaimapo. Moyo wawo wonse wakhala wofuna kusuntha malo basi.

Ndisawanamizire. Samwa, sakweza dzanja pa mkazi, malaya amasita okha, ndipo pantchito safika mochedwa. Mng'ono wanga ndi telala, amasoka makatani m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, ndipo anawakonda chifukwa cha dongosolo lomweli. Ankati, "Achemwali, munthu amene amadziwa pamene pali sokosi iliyonse sangataye mkazi." Ine ndinangoti kaya.

Pa ukwati wawo anakonza okha pokhala anthu. Mabwana a kuntchito anakhala kutsogolo, akazi a mabwana pambuyo pawo, kenako anzawo a mabwana amene ngakhale mkwati sankawadziwa. Mayi athu, amene anabereka mkwatibwi, anaonera ukwati wonse kuseri kwa chipilala, akusuzumira uku ndi uku. Kunyumba kwawo makapu nawonso ali ndi maudindo. Agalasi ndi a mabwana, adothi ndi a abale okhala ndi udindo pantchito, apulasitiki ndi a ena tonse. Ine ndinamwera pulasitiki zaka zingapo. Mwezi umene ndinakwezedwa pantchito ndinangoona tiyi wabwera m'kapu yadothi, popanda wonena kanthu.

Ine ndi alamu timagwira ntchito pa kampani imodzi, yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ofesi yathu ili pamwamba pa shopu ya matayala, moti tsiku lonse timapuma fungo la labala. Muli fani imodzi imene imatembenuka ngati ikukana, ndipo alamu anakoka desiki yawo mpaka inafika pamene mphepo ya faniyo imathera, pafupi ndi chitseko cha bwana. Bwana akatsokomola mkati, oyamba kupepesa ndi iwo.

Tsono kunabwera ntchito. Chipatala china cholipira, cha m'dera lathu lomweli, chinkafuna sikirini yoitana odwala, kuti anthu asamakanganirane pakhomo la dokotala. Nditangomva ndinatchera khutu, chifukwa chipatala chimenecho ndi chimene mng'ono wanga amathamangirako. Ali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Ikamugwira, chifuwa chimalira ngati khomo la dzimbiri, ndipo chimene chimamupulumutsa ndi kufika msanga pamaso pa dokotala. Ntchitoyo bwana anaipereka kwa a Mndandanda. Nanga akanapatsa ndani nkhani ya mizere?

Apa mundilole ndifotokoze pang'ono za ntchito yathu, si zovuta. Mu pulogalamu, chinthu chilichonse timachilembera kalasi yake, kutanthauza chikombole chonena zimene chinthucho chili nazo. Wodwala ali ndi dzina, ali ndi nthawi imene wafika, ali ndi kukula kwa vuto lake. Kukula kwa vutoko sitilola kuti aliyense azilemba mmene wafunira. Timapanga kamndandanda ka mayina okhazikika, kamene pantchito timati enamu, ndipo namwino amangosankhapo limodzi. Alamu analemba anayi, motsika chonchi: CHOCHEPA, CHAPAKATI, CHACHANGU, CHOOPSA.

Nayi nkhani yake. Kompyuta sidziwa kuti CHOOPSA n'choopsa. Kwa iyo amenewa ndi mayina chabe. Imangopatsa dzina lililonse nambala yobisika molingana ndi malo amene lalembedwa: lapamwamba ziro, lotsatira wani, choncho mpaka pansi. Mukaifunsa kuti pa odwala awiriwa wamkulu ndani, imayang'ana nambala ija, ndipo amene analembedwa pansi ndiye wapambana. Alamu anaikonda kwambiri njira imeneyi. Ankati ndi yaukhondo, chifukwa malo okha ndiwo akulankhula. Ndipo kunena zoona, pa mayina anayi aja zinkayenda bwino.

Kenako mwini chipatala anaganiza zogulitsa makadi agolide. Wogula kadi asamadikire. Anaimbira bwana, bwana anatsokomola, alamu anathamanga. Pobwerera pa desiki anatsegula kamndandanda kaja n'kuwonjezera dzina limodzi pamene aliyense amawonjezera chinthu chatsopano, pansi penipeni. WAGOLIDE, pansi pa CHOOPSA. Anapukuta m'manja, ntchito yatha.

Kuofesi kwathu kuli lamulo loti khodi ya munthu, kutanthauza zimene walemba mu pulogalamu, iwerengedwe ndi mnzake isanatuluke. Alamu salola kuti wamng'ono kwa iwo awerenge zawo, ndiye poti wofanana nawo udindo ndine ndekha, zinagwera ine. Nditaona dzina lija pansi paja, ndinanyamuka pa desiki yanga. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"Alamu, WAGOLIDE uyu mwamuika pansi pa CHOOPSA. Ndiye kuti wamuposa."

"Ndaona, alamu," anatero osachotsa maso pa sikirini. Sanaone. Ndinawaona khutu likugwedera. Koma munthu amene wanena kale kuti ntchito yatha sangabwerere pamaso pa mlamu wake, fani ikumva.

"Mwasakaniza zinthu ziwiri," ndinatero. "Kadi si matenda. Ichotseni m'kamndandandaka, ikhale payokha mu kalasi ya wodwala. Tikamafananitsa, tiyambe tayang'ana kukula kwa vuto. Awiri akafanana vuto, apo ndiye wakadi adutse. Mwini chipatala asangalala, ndipo palibe amene afere pa benchi."

"Mizere yonseyo ya khodi, pamene mawu amodzi akwana?"

"Ndiye lipatseni dzina lililonse kulemera kwake kolembedwa poyera, tisamadalire malo."

Apa ndiye anatembenuka, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana kumaliro. Kunyoza malo pamaso pa a Mndandanda!

"Mwini chipatala wati agolide asadikire. Sanati asadikire pokhapokha zakutizakuti. Ndipo odwala zoopsa amabwera pa ambulansi, amalowera khomo lakumbuyo. Sikirini sakhala nayo ntchito."

"Mng'ono wanga amabwera pa ambulansi?"

"Nkhani za m'banja tisazilowetse mu khodi, alamu."

Ndinapita nayo nkhaniyo kwa bwana. Ndinawapeza akuvala jekete, makiyi ali kukamwa. Anafunsa funso limodzi, loti kodi pulogalamuyo ikuchita zimene kasitomala wapempha. Alamu, amene ananditsatira mpaka pakhomo, anayankha kuti ikuchita ndendende. Bwana anati ndiye ituluke, zinazo tidzaona. Alamu anabwerera pa desiki akuyenda ngati apambana mlandu, ndipo masana amenewo anagulira ofesi yonse mabisiketi, kuyambira kwa akuluakulu.

Ndinamuuza mng'ono wanga. Ndinati mphumu ikadzakugwira, pita chipatala china. Anaseka, singano ili kukamwa. Anati chipatala chinacho n'cha maminibasi awiri, angafike ali mtembo. Anatinso, "Achemwali, inu ndi alamu anu mumangolimbana. Bambo sangalembe chinthu choti chindipweteke ine." Ananena ndi mtima wonse, mpaka ine ndinachita manyazi ngati ndine wamiseche.

Miyezi inadutsa, mpaka inafika nyengo ya mphepo ndi fumbi. Loweruka lina masana foni yanga inalira. Nditayankha sindinamve mawu, ndinangomva khomo la dzimbiri lija. Ndinathamanga. Ndinamupeza mng'ono wanga atagwada pakati pa nsalu zokhuthala zimene ankadula, kapampu kake kopopera m'kamwa kali pansi, kopanda kanthu. Alamu anali kumsonkhano wa mabwana kuhotela, atanyamula chikwama cha bwana wathu, foni atazimitsa kuopa kuti ingalire wamkulu akulankhula.

Tinakwera takisi. Pachipatala namwino wa pakhomo anangomuyang'ana kamodzi, n'kudina CHOOPSA, n'kutipatsa kapepala ka nambala. Anati, "Khalani apa, mulowa pompano." Iye anachita zake bwinobwino. Kenako namwinoyo anaitanidwa kuchipinda cha jakisoni, ndipo tinatsala ndi sikirini.

Chipinda chodikirira chija ndimachiona mpaka lero. Mabenchi achitsulo ozizira, duwa lapulasitiki pakona, thanki ya madzi akumwa yopanda makapu, ndipo pamwamba pa khomo la dokotala sikirini ya alamu anga ikuwala monyada. Inalira kuti ting. Nambala sinali yathu. Ananyamuka bambo wina wamimba yake, akutsimphina pang'ono chifukwa cha chikhadabo cha kuphazi. Inaliranso. Ananyamuka mayi wa chikwama chonyezimira, amene ndinamumva akuuza mnzake kuti wangobwera kudzayezetsa magazi poti ndi Loweruka. Eti Loweruka ndilo tsiku limene agolide amakonda kudzayezetsa. Anali atadzaza benchi yonse ya kutsogolo, akuwerenga nyuzipepala.

Palibe amene anadabwa. Anthu amakhulupirira sikirini kuposa maso awo. Ena ankamuyang'ana mng'ono wanga mwachisoni, kenako n'kuyang'ana m'mwamba, ngati akuti makina akudziwa chimene akuchita. M'chipinda monsemo, amene ankadziwa kuti makinawo sadziwa kanthu ndinali ine ndekha. Ndinkachita kuiona nambala yobisika ija. Mng'ono wanga anali pa fili, bambo wa chikhadabo anali pa folo, ndipo malinga ngati pa benchi yakutsogolo patsala munthu mmodzi, ife sitiitanidwa.

Mapewa a mng'ono wanga ankakwera mpaka m'makutu pofuna mpweya. Milomo inayamba kutuwa. Dzanja limene linandigwira pamkono linayamba kulefuka, ndipo ine mantha anandigwira amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinamukweza, n'kumukoleka paphewa, n'kulunjika khomo la dokotala.

Mlonda wa pakhomopo anatambasula dzanja. "Mayi, dikirani nambala yanu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ndinatero, ndipo ndinachitsekuladi, ndi phazi.

Dokotala anadzutsa mutu kuti akalipe, koma ataona nkhope ya mng'ono wanga anadzambatuka pampando. Munthu wagolide amene anali mkatimo anatulutsidwa jekete lili m'manja. Anamuveka mng'ono wanga chopumira kumaso, anamubaya, anthu anathamangathamanga. Ine ndinakhala pansi pa simenti m'khonde. Pambuyo pake dokotala anandiuza kuti tikanadikira pang'ono pokha, bwenzi tikukamba zina. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani sitinalowe msanga. Ndinamulozera sikirini.

Anamugoneka. Atayamba kupeza mawu, anandikodola kuti ndiwerame.

"Achemwali, ndi zija munkanena zija?"

"Ndi zomwezo."

Anatembenukira kukhoma.

Alamu anafika dzuwa litapendeka, tayi ili pakhosi, baji ya msonkhano ikulendewera pachifuwa. Analowa mu wodi n'kupereka moni kwa dokotala ndi manja awiri. Kenako kwa namwino wamkulu. Kenako kwa ine. Mkazi wawo, amene anagona pamenepo ndi machubu m'mphuno, anali womaliza. Nditawakokera panja n'kuwauza zimene zachitika, nkhope inagwa ndithu, sindikana, ndipo anagwira khoma. Ndinati mwina lero munthu uyu abadwanso. Anapuma kawiri, anakonza tayi, n'kunena kuti, "Komabe pulogalamu inagwira ntchito monga mmene inalembedwera."

Mxii. Ndinachoka ndisanachite chinthu choti ndikagone kupolisi.

Atatuluka m'chipatala, mng'ono wanga anauza woyendetsa takisi njira ya kwanga, osati ya kwawo. Sindinafunse. Lolemba ndinalemba khodi yokonza vutolo, mmene ndinanenera poyamba paja, kadi payokha, matenda paokha. Koma ntchito ya chipatala ndi ya alamu, ndipo chosintha chilichonse chimadikira chala chawo. Nawonso zopempha amaziika pamzere molingana ndi udindo wa wopempha. Pamwamba panali pempho la mwini chipatala loti zilembo za pa sikirini zikhale zamtundu wagolide. Langa linali pansi pa limenelo. Nditawafunsa anati mwini chipatala sanadandaule, ndipo kusintha kungaoneke ngati kampani ikuvomera kulakwa. Bwana anali kunja kwa tauni. Sikirini inapitiriza kulira ting.

Lamlungu lotsatira masana, ndinamva kugogoda pageti. Alamu, atavala suti, envelopu ili m'manja. Ndinawakhazika pa benchi ya pakhonde. Anayang'ana mipando ya m'nyumba kudzera pazenera, koma sindinawaitane. Mng'ono wanga anatuluka atafunda shawelo, n'kuima pakhomo atagwira felemu.

"Mayi, muli bwanji?"

"Ndilipo, bambo."

"Ndabwera kudzakutengani. Ndipo ndakubweretserani kanthu." Anatsegula envelopu mosamala ngati muli dzira. Munali kadi yagolide, dzina la mng'ono wanga litadindidwa bwinobwino. Anaigwira ndi manja awiri, maso akuwala. Ndikulumbira, munthuyu ankayembekezera kuti timuombera m'manja. "Tsopano simudzadikiranso. Mwakwera, mayi."

Mng'ono wanga anaiyang'ana kadiyo nthawi yaitali osailandira.

"Mzere uja mwaukonza?"

"Mzere ulibe vuto. Vuto linali malo anu, ndipo malo anuwo ndi amene ndakonza."

"Ndiye tsiku lina ndikadzapita ndi chimfine, pa benchi paja pali wina akubanika ngati mmene ndinkabanikira ine, adzaitana ndani?"

"Inu," anatero alamu mokondwa. "Ubwino wake ndi umenewo."

Ndamudziwa mng'ono wanga kuyambira tsiku limene anabadwa, ndipo sindinaonepo chikondi chikuchoka pankhope ya munthu mwakachetechete chonchija. Sanalire, sanakalipe. Anangokoka shawelo.

"Dikirani pomwepo, bambo," anatero, n'kulowa.

Alamu anakhala mowongoka, kadi ili pabondo. Posakhalitsa kunabwera mayi wina amene anamva kuti telala ali kwanga, akufuna makatani a chipinda cha ana. Anadutsa pamaso pawo n'kulowa. Kenako neba wanga anabwera kudzabwereka simbi, nayenso analowa, ndipo anakhalitsa poti ndi wankhani. Kenako wogulitsa matsache anagogoda, mng'ono wanga anatuluka, anasankha tsache, anatsutsana naye mtengo mpaka anagwirizana, n'kubwerera m'nyumba osayang'ana kubenchi. Alamu ankadzuka theka aliyense akamadutsa, n'kukhalanso. Ndinawapatsa madzi m'kapu yapulasitiki. Ndili nazo zagalasi, koma zinali kutali.

Mthunzi utafika pageti, mtima wanga womwe, woipawu, unayamba kuwamvera chisoni. Ndinalowa. Ndinamupeza mng'ono wanga pa tebulo, akupinda m'mphepete mwa nsalu ndi manja, mapini ali kukamwa.

"Alamu aja akadali panja. Ndiwauze chiyani?"

Anachotsa mapini mmodzimmodzi.

"Akupuma bwino?"

"Akupuma."

"Ndiye si choopsa. Adikire."

Anadikiradi, chifukwa a Mndandanda sadumpha mzere ngakhale utawapweteka. Atatopa ananyamuka, anakonza suti, n'kusiya kadi ija pa benchi, mwina poganiza kuti ikagona pamenepo ilankhula yokha. Sabata yomweyo mng'ono wanga anatuma galimoto kukatenga makina ake osokera ndi nsalu zake zonse. Makapu sanatengeko ngakhale imodzi.

Kuofesi timaonanabe tsiku lililonse. Moni wanga tsopano umabwera pambuyo pa wa mlonda. Pempho langa lija linadutsa bwana atabwerako, nditaima pakhomo pawo mpaka anasaina, ndipo alamu anauza aliyense kuti kusinthako anakuganiza kale iwo. Amauzanso anthu kuti mkazi wawo akupuma kaye kwa achemwali ake, abwera thanzi likakhazikika.

Thanzi linakhazikika kalekale. Makina akulira m'chipinda changa chakumbuyo kuyambira m'mawa, ndipo tinaikamo zenera lalikulu chifukwa cha fumbi la nsalu. Kadi ija mng'ono wanga anaitola. Amakandira mapindo a makatani asanasoke, akuti ndi yolimba bwino ndipo siipindika.